Ampulifaya ya mavalavu ija: mafunso amene ndinaifunsa ndisanalipire



Ndakhala chete kwa nthawi ndithu, mundikhululukire. Teremu yathayi inali ya mayeso, ndipo mukudziwa nokha mmene mulu wa mapepala ochonga umatsekera munthu m'nyumba. Lero ndabwera ndi lipoti. Ambiri a inu munasonkha ndalama zoti bandi ya sukulu yathu ikhale ndi ampulifaya yakeyake ya gitala, tileke kubwereka ya eni ake imene tinkabweza ndi manyazi Loweruka lililonse madzulo. Ndalamazo munaika m'manja mwanga. Choncho ndiyenera kulongosola chimene ndagula, chifukwa chake ndinachedwa milungu itatu, komanso chifukwa chake ndinaletsa ana kuikhudza mpaka sabata yatha.

Munthu wina mu Limbe anandiuza kuti ali ndi ampulifaya ya mavalavu ya ku America. Akuti malume ake anasiyiridwa ndi mzungu wina amene ankagwira ntchito kuno kalekale. Anati ndi ya 1959, ndipo mtengo umene anatchula unali ndalama zathu zonse, osatsalako ndi ya minibasi yomwe. Atalumikiza gitala n'kukhudza nsambo, mawu amene anatuluka anali onona, odzaza chipinda chonse. Kunena zoona ndikanalipira pomwepo. Chinandigwira dzanja ndi chizolowezi cha ntchito. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani m'kalasi la History kuti umboni uliwonse tiziufunsa mafunso anayi: anaupanga ndani, anaupanga liti, wadutsa m'manja mwa yani, nanga amene akutiuza za umboniwo apindulapo chiyani? Ndinaona kuti ampulifaya yakale nayonso ndi umboni wa mbiri. Chilichonse choyenera kuyang'ana musanagule chili ndi chaka chake ndi nkhani yake.

Ndinapempha mwini wake kuti andidikire. Ndinakafuna bambo wina wachikulire wokonza mawailesi, amene anaphunzira ntchitoyi nthawi imene wailesi zinkayamba zatentha kaye zisanalankhule. Paja safunsa anadya phula. Zambiri zimene ndilembe apa ndinaziona ndi maso anga iwo akugwira ntchito.

Tiyambe ndi valavu yeniyeniyo. Angelezi amati valve, Aamerika amati tube. Ndi kabotolo kagalasi konga babu, kochotsedwa mpweya wonse m'kati. Mu 1904 John Ambrose Fleming wa ku London anapanga valavu yoyamba, imene inkangolola magetsi kuyenda mbali imodzi. Mu 1906 Lee de Forest wa ku America anaonjezamo kawaya kachitatu pakati. Kawaya kameneka ndiko kanasintha dziko, chifukwa magetsi ochepa kwambiri ofika pa iko amalamulira magetsi ambiri odutsa m'botolomo. Ndiye kuti kamawu kofooka kochokera ku nsambo ya gitala kangathe kukula mpaka kugwedeza sipika. Telefoni zakutali, wailesi, kanema ndi makompyuta oyamba, zonsezi zinadalira botolo lomweli. Ngakhale kwathu kuno agogo athu analidziwa. Mu 1949 ku Lusaka kunafika wailesi yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain. Inali ya mavalavu anayi ndipo inkagulidwa mapaundi asanu. Anthu a ku Nyasaland ankamverapo mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku Central African Broadcasting Station.

Mu December 1947 akatswiri a ku Bell Labs anatulukira transista, kanthu kakang'ono kosatentha, kosasweka, kosafuna magetsi ambiri. Pang'onopang'ono valavu inayamba kutha ntchito. Kampani ya RCA inatseka fakitale yake ya mavalavu ku Harrison, New Jersey, mu 1976. Fakitale yaikulu ya Mullard ku Blackburn, England, inaleka kuwapanga m'zaka za m'ma 1980. Amene anakana kusiya valavu ndi oimba gitala, chifukwa valavu ukaikakamiza kupyola mphamvu yake mawu ake amasasa mokoma, pamene transista za nthawi imeneyo zinkangokanda m'khutu. Masiku ano mavalavu atsopano a gitala amachokera m'malo owerengeka: ku Saratov m'dziko la Russia, ku Čadca m'dziko la Slovakia, ndi ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mavalavu anasowa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America ndipo mitengo inakwera.

Phunziro loyamba lichokera pamenepa. Musanagule, werengani mayina olembedwa pa mavalavu ndipo mudziwe ngati mtundu umenewo ukupangidwabe. Mayina monga 6L6, imene RCA inatulutsa mu 1936, 6V6, EL34, EL84 ndi 12AX7, imene ku Ulaya amaitcha ECC83, akupezeka ndithu ngakhale mungachite kuitanitsa kunja. Mukapeza dzina lachilendo, funsani kaye, mungagule chinthu chimene chidzakhala mpando valavu imodzi ikadzafa. Yathuyi ili ndi 6V6 ziwiri, ndipo mtima unakhala pansi.

Kenaka bambo aja anatseka makatani n'kuyatsa ampulifaya, ife tikusuzumira kumbuyo. Kakuwala kofiirira pakatikati pa valavu n'kabwino, ndi kawaya kotenthetsa basi. Koma chitsulo chachikulu cha m'katimo chikayamba kufiira ngati khala la moto, zimitsani msanga. Ndiye kuti valavu ikumwa magetsi opyola muyeso, ndipo ikafa ingaphe ndi zina zodula. Pagalasi pamakhala banga lonyezimira ngati siliva. Likasanduka loyera ngati ufa, mpweya walowa, valavuyo yatha. Anatenganso pensulo n'kumagogoda pang'onopang'ono valavu iliyonse yaing'ono. Imodzi inalira m'sipika ngati belu. Anati, “Iyi yakalamba, Aphunzitsi, koma si mlandu. Valavu ili ngati matayala a galimoto, imasinthidwa. Tiyeni tione zimene sizisinthidwa motchipa.”

Funso lachiwiri linali la chaka. Kuti mumvetse chifukwa chake ogulitsa amakonda kutchula zaka za m'ma 1950, muyenera kudziwa anthu atatu. Woyamba ndi Leo Fender wa ku Fullerton, California, amene anatsegula shopu yokonza mawailesi mu 1938 ndipo mu 1946 anayambitsa kampani ya dzina lake. Iye sankadziwa kuimba gitala. Anali mmisiri, ndipo ankamanga zinthu moti mmisiri mnzake azitha kuzikonza mosavuta. Ampulifaya yake yotchedwa Bassman, makamaka ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ya masipika anayi, anaipangira oimba besi koma oimba gitala ndi amene anaikonda. Wachiwiri ndi Dick Denney, amene anapanga Vox AC15 mu 1958 ndi AC30 mu 1959 ku Dartford, England. AC30 ndi imene The Shadows ndi The Beatles ankaimbira. Wachitatu ndi Jim Marshall, woimba ng'oma amene anali ndi sitolo ku Hanwell mu London. Anyamata ankadandaula kuti zida za ku America n'zodula, ndipo mu 1962 iye ndi amisiri ake, Ken Bran ndi Dudley Craven, anatulutsa JTM45 potengera kamangidwe ka Bassman ija koma ndi zipangizo zopezeka ku Britain. Mu January 1965 Leo Fender anagulitsa kampani yake kwa CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni. Kuyambira pamenepo osonkhanitsa zida zakale amalemekeza kwambiri zopangidwa chaka chimenecho chisanafike. N'chifukwa chake kusiyana kwa zaka zochepa kumasintha mtengo kwambiri, ndipo wogulitsa aliyense amafuna kuti katundu wake akhale wamkulu msinkhu.

Mwamwayi, mafakitale a ku America ankadinda manambala pa zipangizo zawo. Kumbuyo kwa sipika yathu kunalembedwa 220614. Manambala atatu oyambawo, 220, ndi chizindikiro cha kampani ya Jensen. Nambala yotsatira ndi yomaliza ya chaka, ndipo awiri otsalawo ndi sabata la m'chakacho. Ndiye kuti sipikayo inapangidwa sabata la 14 la chaka chothera ndi 6, kaya 1956 kaya 1966. Inu amene munalemba MSCE mukukumbukira kuti umboni umodzi sukwanira, timafuna wina wouchirikiza. Bambo aja atatulutsa chitsulo chonse chonyamula zipangizo, tinawerenga kumbuyo kwa timapoti, tija timakhala kuseri kwa mabatani opotokola. Pa titatu panalembedwa 1376611: kampani ya CTS, chaka cha 1966, sabata la 11. Nkhani ya 1959 inathera pomwepo. Chinthu sichingakhale chakale kuposa zipangizo zimene anachimangira, monga mmene nyumba singakhale yakale kuposa ndalama yachitsulo yopezeka pansi pa maziko ake. Komabe chenjerani, chifukwa kapoti kamodzi kokha kangakhale koikidwa pambuyo pake ndi wokonza. Muwerenge zingapo, muone ngati zikugwirizana. Mwini wake sanapsere mtima. Ndikhulupirira kuti iyenso anangouzidwa, monga mmene mbiri yapakamwa imayendera: chaka chimatsetsereka pang'ono m'badwo uliwonse.

Funso lachitatu ndi limene ife a kuno tiyenera kuliganizira kuposa anthu a kwina, ndilo la magetsi. Ampulifaya ya mavalavu ili ndi mathiransifoma awiri olemera. Imodzi imalandira magetsi a pakhoma n'kuwakweza mpaka kupyola 400 volts, chifukwa valavu imafuna mphamvu yotero. Inayo imatenga mawu kuchokera ku mavalavu n'kuwapereka ku sipika. Ziwirizi ndizo zodula kuposa china chilichonse, ndipo ikapsa imodzi mwagula mtembo. Ku America magetsi a pakhoma ndi 120 volts, ku Japan ndi 100, pamene kwathu kuno, ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain ali cha m'ma 230. Mukalumikiza ya ku America pakhoma pathu popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, mudzaona utsi. Zambiri zakale za ku Britain zili ndi posankhira volts kumbuyo, ndipo muonetsetse kuti palozedwa poyenera musanayatse. Palinso china: magetsi athu amasinthasintha mbali ka 50 pa sekondi pamene a ku America ndi ka 60, choncho thiransifoma ya kumeneko imatentherapo ikakhala kuno. Nunkhizani kumbuyo. Fungo la chinthu chopserera, phula losungunuka lodontha pansi pa thiransifoma, kapena dzimbiri lotupitsa zitsulo zake, zonsezi ndi zizindikiro zoipa. Muisiye iyake kwa theka la ola mukuimba, chifukwa matenda ambiri amaoneka ikatentha, osati mphindi ziwiri zoyamba pamene wogulitsa akumwetulira.

Apa ndionjezepo malamulo awiri amene bambo aja anandibwerezera kangapo. Loyamba, musayatse ampulifaya ya mavalavu sipika isanalumikizidwe. Mphamvu ikasowa kolowera imabwerera n'kuboola thiransifoma ya mawu. Lachiwiri, nambala ya ohms ya sipika, kaya 4, 8 kapena 16, igwirizane ndi yolembedwa pa ampulifaya. Tsegulaninso kabowo ka fyuzi. Tonse tikudziwa mwambo wathu womanga fyuzi yakupsa ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Mukapeza zotero dziwani kuti panali vuto limene munthu anangoliphimba, ndipo thiransifoma yakhala ikugwira ntchito popanda mlonda. Yathuyi tinapezamo fyuzi yeniyeni, yolingana ndi nambala yolembedwa pambali pake.

Funso lachinayi ndi la ukalamba. Tisanakhudze gitala n'komwe, sipika inkang'ung'udza chapansipansi, ndipo kutsitsa voliyumu sikunasinthe kanthu. Bambo aja anati amenewo ndi makapasita akuluakulu osalaza magetsi. M'kati mwake muli mankhwala onyowa amene amauma pakapita zaka makumi awiri kapena atatu, kaya chinthucho chikugwira ntchito kaya chili m'kabati. Athuwa anali a 1966 omwewo, ndipo imodzi inali itatupa kumapeto. Osonkhanitsa zakale amanyadira ampulifaya imene sinakhudzidwepo, koma kwa ife ofuna kuimbira, kusakhudzidwa kumatanthauza kuti ngongole yonse yokonzetsa yatidikira ifeyo. Ndipo mverani izi, makamaka inu anyamata amene munkamasula mawotchi a makolo anu: makapasita amenewa amasunga magetsi opha munthu ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. Musalowetse dzanja m'kati. Bambo aja anayamba atulutsa magetsiwo ndi chida chawo, n'kupima ndi mita, asanandilole kuyandikitsa nkhope kuti ndiwerenge manambala aja. Inu yang'anani zakunja: mabatani ngati sakukhokhoma powapotokola, pobayira gitala ngati sipakugwedera, pepala la sipika ngati silinang'ambike kapena kudyedwa ndi mphemvu, thabwa ngati silinafufutidwe kapena kunyowapo. Zam'kati musiyire mmisiri.

Funso lomaliza ndi limene linandisowetsa tulo. Tsiku loyamba lija, nditagwira nsambo n'kukhudza chitsulo cha pawindo ndi chigongono, ndinamva kanthu kakundiluma pang'ono. Mwini wake anaseka n'kunena kuti, “Zimatero zakalezi, Aphunzitsi, n'chizindikiro choti ndi yeniyeni.” Chingwe chake chinali cha mawaya awiri okha, chopanda waya wa earth. Ndimo mmene ankamangira ku America zaka zimenezo, pamene nyumba zambiri zinali ndi masoketi a mabowo awiri. Pofuna kuchepetsa kung'ung'udza, ankaika kapasita yaing'ono pakati pa waya wa magetsi ndi chitsulo cha ampulifaya. Amisiri a masiku ano anaipatsa dzina loti death cap, kapasita ya imfa. Ikafa moti magetsi azingodutsa, chitsulo chonse chimakhala ndi moto. Tsono nsambo za gitala zimalumikizana ndi chitsulo chimenecho kudzera m'chingwe cha gitala. Woimba akagwira nsambo ndi dzanja limodzi n'kukhudza maikolofoni ndi mlomo kapena dzanja linalo, magetsi amapeza njira yodutsa pachifuwa pake.

Izi si nthano zoopsezera ana. Pa 3 May 1972, Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea, Wales, atakhudza maikolofoni imene inalibe earth. Anali ndi zaka 27. Mu May 1976 Keith Relf, amene anali woimba wa The Yardbirds, anafa ndi magetsi kunyumba kwake akuimba gitala. Waya wachitatu uja, wobiriwira ndi chikasu, amene ena mwa ife timaudula kapena kuusiya lende kuti pulagi ilowe m'soketi, anthu anaulipira ndi miyoyo yawo usanakhale lamulo. Ndinaganiza za holo yathu ya simenti, ana ovula nsapato poyeserera nyimbo, ndi mtsikana wa Fomu 3 amene amaimba gitala kwinaku akutsogolera nyimbo pa maikolofoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye ndinatani? Ndinabwerera kwa mwini wake ndi pepala lolembapo zonse: chaka chenicheni, valavu yolira, makapasita ouma, chingwe cha mawaya awiri, ndi thiransifoma yotsitsa magetsi imene iye ankagwiritsa ntchito, yaing'ono kwambiri ndiponso yosadutsitsa earth. Ndinamuuzanso zabwino zake mosabisa, kuti mathiransifoma onse awiri ndi amoyo, sipika ndi yoyambirira, thabwa ndi lolimba. Tinakambirana masiku awiri, ndipo anatsitsa mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndalama zotsalazo zinapita kwa bambo aja. Anachotsa kapasita ya imfa, anaika chingwe cha mawaya atatu n'kumanga earth pa chitsulo ndi bawuti yakeyake, anasintha makapasita akuluakulu, anaika valavu ina m'malo mwa yolira ija, anapima kamwedwe ka magetsi ka 6V6 ziwirizo, ndipo tinagula thiransifoma yotsitsa magetsi yokulirapo, yodutsitsa earth. Ndinapemphanso mphunzitsi wathu wa Physical Science kuti apime masoketi a mu holo, chifukwa waya wachitatu alibe phindu ngati kukhoma sanalumikizidwe kulikonse. Awiri mwa masoketi asanu analibe earth. Akonzedwa. Malisiti onse ali kwa msungichuma wa komiti yathu, ndipo aliyense amene anasonkha ali ndi ufulu wokawaona.

Wina mu staff room anandifunsa chifukwa chake sindinangogula ya transista yatsopano, yopepuka, yosafuna zonsezi. Funso lake ndi loona, ndipo kwa sukulu zambiri yankho labwino ndi limenelo. Mukakhala kutali ndi mmisiri wodziwa mavalavu, musadzivutitse. Ine ndinalimba mtima chifukwa bambo aja alipo, ndipo avomera kuti ana awiri a kalabu ya sayansi azikakhala nawo pa holide, aziona mmene ntchitoyi imagwiridwira, manja ali kumbuyo. Chinthu cha 1966 chimene chingathe kukonzedwa ndi munthu wa mu Limbe ndi mita, chowotcherera ndi nzeru zake, chili ndi phunziro kwa ana amene anazolowera kutaya foni ikangosweka galasi.

Zipangizo zakale zimene zinachotsedwa sindinataye. Zili m'botolo pa desiki langa. Lolemba lapitali ndinaika kapasita ya imfa ija patebulo pamaso pa ana a Fomu 4 n'kuwauza kuti aifunse mafunso athu anayi aja. Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja n'kunena kuti, “Aphunzitsi, pali funso lachisanu. Ndani anavulala kuti anthu asiye kuchita zimenezi?” Ndalilemba pamwamba pa bolodi ndipo sindinalifufute.

Bandi idzaimba koyamba ndi ampulifaya yatsopano yakaleyi pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4. Inu amene muli pafupi, bwerani mudzamve ndalama zanu. Ndipo wina wa inu akapeza ampulifaya ya mavalavu pa msika kapena m'nyumba ya malume, asathamangire kuibaya pakhoma. Ayang'ane kaye chingwe, awerenge volts, aonetsetse kuti sipika ndi yolumikizidwa, kenaka akaitane mmisiri.

 Tsalani bwino, tionana ku holo.